Tenti ya a Zikhomo Sinagwe

Inu amene munaonera kavidiyo kaja pafoni, ka bambo ataima m'madzi olekeza m'chifuwa pansi pa tenti yamaliro, mipando ikuyandama ngati abakha, dziwani kuti bambo ameneyo ndi achimwene anga. Bere limodzi. Munaseka, chabwino, mano ndi anu. Koma khalani pansi ndikuuzeni za munthu amene munamusekayo, ngakhale kuti pofotokozapo nkhope yanga ikutentha.

Kutauni kwathu amadziwika kuti a Zikhomo. Ntchito yawo ndi yokhoma matenti pamaliro. Ali ndi kashedi kamalata kuseri kwa magalaja, pakati pa wowotcherera mageti ndi mayi wogulitsa matayala akale. Mukalowamo mupeza mapaipi atatsamira khoma, aatali paokha aafupi paokha, zingwe zitakulungidwa pamisomali, mipando yapulasitiki itasanjikizana mpaka kudenga, ndi ndowa ya zikhomo zimene anadula okha kuchokera ku masipuling'i a lole. Palinso nyundo yawo. Nyundo imeneyo saigwira munthu wina, ngakhale alamu anga, akazi awo, amene amawachapira malaya.

Akafika pakhomo pamene pagwa zovuta, sayamba ndi kutsitsa katundu. Amayamba ayendayenda pabwalo, manja kumbuyo, akuponda nthaka ndi chidendene ngati munthu wofuna pamene anakwirira chinthu. Amafuna malo olimba ndi osalala. Akawapeza, basi, kaya ndi pafupi ndi khola kaya ndi pakhomo pa mneba, tenti ikhala pomwepo.

"Tenti imagwa tsiku lomwe waikhoma," amatero. "Mphepo imangobwera kudzakuuza."

Ndipo zoona, chiyambireni tenti yawo sinagwerepo anamfedwa. Chaka china chimphepo chinasasula denga la tchalitchi anthu ali pamwambo, malata n'kumauluka ngati mapepala, koma tenti ya achimwene inangogwedeza mapewa n'kuima.

Vuto la ntchito imeneyi ndi loti palibe amakondwa akakuona. Kapikapu kawo kakangokhota mumsewu wanu, amayi amasiya zochapa n'kuthamangira kumpanda: "Kwagwanji? Ndi ndani?" Mneba wawo anawapempha kuti asamaimike galimoto pafupi ndi geti lake, ati achibale amangoimba foni akulira. Aukwati sawaitana, chifukwa tenti yawo yapepo ya mphonje zoyera aliyense analirirapo pansi pake. Ine ndimagulitsa makava a mafoni ndi machaja padepoti, ndipo kondakitala wina amene anawatchula kuti mwimba ndinamuthamangitsa ndi ambulera mpaka anakabisala m'basi ya eni. Achimwene atamva anangoti, "Mlongo, ambulerayo sinathyoke?" Ndi mmene alili.

Zonsezi ankapirira. Chimene chinawalasa ndi mwana wawo wamkazi wotsiriza, amene tonse timangomutcha Mzime.

Mzime anakulira m'kashedi kaja. Ankagona pamalona opindidwa, ankanyamula zingwe zolemera kuposa iyeyo, ankadziwa kusanja mipando asanadziwe kulemba dzina lake. Koma atapita kusekondale anzake anamupatsa dzina loti Kabokosi. Kuyambira pamenepo anayamba kupempha kuti azimutsitsa pakona ya malo omwetsera mafuta, kutali ndi geti lasukulu. Ankati akufuna kuwongola miyendo. Achimwene ankamutsitsa, n'kumamuyang'ana pagalasi mpaka atakhota.

Tsiku lina ndili kwawo, tikudya, mwanayo anati, osayang'ana munthu: "Anzanga patchuthi amakagona m'matenti kunyanja yamchere, kupaki kuja. Ife matenti athu amagonamo anthu olira."

"Iwe, pakamwa apo!" ndinatero. "Chakudya chili m'mbale mwakocho chachokera kuti?"

Achimwene anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Anasamba m'manja chakudya chisanathe.

Mawa lake anandipeza padepoti, chinthu chimene sachita chifukwa amadana ndi phokoso. Anaima pafupi ndi tebulo langa akutembenuzatembenuza kava ya foni.

"Mlongo," anatero, "ndikufuna ndikhomeko tenti kamodzi kokha pamalo pomwe sipanafe munthu. Mwanayu aone. Upite nafe."

Anakonzekera ngati akukakwatira. Tenti anaichapa ndi sopo ndi bulashi, mphonje zoyera zija anazimasula zonse n'kuzisiya m'katoni. Kutagwa maliro ena mumsewu mwawo momwe, anawapatsira mnzawo amene amalimbirana naye ntchito. Alamu anakazinga nkhuku, anagula buledi ndi mpunga. Tinanyamuka anthu anayi: achimwene, alamu, Mzime ndi ine. Mzime anatsitsa chipewa mpaka pamphuno tisanatuluke m'tauni, koma titadutsa nyumba zomaliza anachikweza, ndipo ndinamumva akung'ung'udza kanyimbo. Achimwene anamvanso. Makutu awo ankachita kumwetulira.

Pageti la paki tinalandiridwa ndi woyang'anira malowo, wa yunifomu yobiriwira, ali panjinga yamoto. Anatitsogolera mpaka pachitunda chamchenga chokhala ndi mitengo, pomwe anthu ena anali atakhoma kale timatenti tawo tokhala ngati zipewa.

"Mukhome kumtunda kuno," anatero. "Kumunsiko madzi amabwera."

Anapukusa njinga yake n'kumapita.

Pano ndiye mundimvetsetse. Ife ndife anthu akumtunda. Kwathu madzi amabwera mvula ikagwa. Mtsinje sudzaza dzuwa likuswa mtengo. Achimwene anayang'ana kumwamba, kunalibe ngakhale kamtambo kofanana ndi mpango. Anayang'ana nyanja, inali uko, kutali ngati kuchoka padepoti kukafika kumsika waukulu. Kenako anaika manja kumbuyo n'kuyamba kuponda ndi chidendene.

Pachitundapo mchenga unali ngati shuga. Chidendene chinkangomira. Malo ake otsetsereka, mizu ponseponse. Anagwedeza chikhomo cha katenti kena ndi chala chakuphazi, chinazuka.

"Awa akusewera," anatero. "Apa sipogona mwana wa munthu."

Anatsikira kumunsi. Kumeneko kunali bwalo loti simunalionepo: mchenga wolimba ngati simenti, wosalala ngati tebulo, wopanda mwala kapena chitsa. Anaponda, chidendene sichinalowe. Anapondanso. Nkhope yawo inawala. Moyo wawo wonse akhala akukhoma m'mabwalo a matope, m'minda, m'mbali mwa zimbudzi, ndipo apa Mulungu anali atawayalira malo amene ankangowalota.

"Bambo a Mzime," anatero alamu, "a panjinga aja anati chiyani za madzi?"

"Mvula yake ili kuti?"

"Alamu, asiyeni," ndinatero ine. "Munthuyu nthaka amaidziwa kuposa mfuko."

Tinatuta katundu pamutu chifukwa galimoto saloleza pamchenga. Achimwene anakhoma zikhomo zija mpaka mitu kumira. Anakoka zingwe mpaka zinkalira ukazikhudza. Tenti inaima, yaikulu, yowongoka, ikuwala padzuwa. Mzime anagwirako chingwe chimodzi osauzidwa. Ine mtima unali m'malo.

Ndiye manja a munthu ali ndi nzeru zawozawo. Achimwene sadziwa kupakira pikapu popanda mipando, choncho anabweretsa mulu wonse, ife tili anayi. Ndipo tikumasula mapoto, iwo anali akusanja. Mizeremizere, yoyang'ana kutsogolo, kanjira pakati. Kutsogoloko anaikako tebulo lalitali, mopingasa.

"Ababa," anatero Mzime, mawu ali pansi. "Mipando."

"Yatani? Yapotoka?"

Asanayankhe, tinaona agogo awiri akutsika pachitunda, mwamuna ndi mkazi wake, akuyenda pang'onopang'ono. Atafika, mwamunayo anavula chipewa. Mayiyo anagwira dzanja la alamu ndi manja awiri.

"Pepani nazo zovutazi," anatero. "Taona tili kumtundaku. Malemuwo amira m'madzi?"

Abale inu. Ndinayang'ana mipando ija ndi tebulo lija, n'kuona zimene agogowo anaona. Alamu anaseka kaphwete kopanda mutu, n'kumati ayi, ayi, tangobwera kudzacheza. Agogo aja anapepesa kachiwiri, tsopano kupepesa kwenikweni, n'kubwerera msanga kuposa mmene anabwerera. Mzime anatsitsa chipewa chija. Anakwera chitunda kupita komwe achinyamata ena ankasewera mpira, osacheuka.

Achimwene ananyamula mipando ija umodziumodzi n'kuiika mozungulira. Tebulo analikankhira pambali. Kenako anaima n'kumayang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina.

"Tiyeni tikayende," anatero alamu. "Mwanayo musiyeni, mtima ukatsika abwera."

Tinayenda atatu m'mphepete mwa madzi, tinazungulira miyala ikuluikulu n'kutulukira pagombe lina, kenako linanso. Kunena zoona, kumeneko kunali kokongola. M'maenje a m'miyala munali tinsomba tamizeremizere ndi nkhanu zothamanga cham'mbali ngati woledzera wozemba mkazi wake. Alamu analawa madzi n'kulavula, ati ndani wathira mchere wonsewu. Achimwene anapinda buluku mpaka m'mawondo. Miyendo yawo ndinali ndisanaione chichokereni kuubwana, yotuwa ngati mapaipi awo omwe. Ankatola tizigoba n'kumaika m'chipewa, akusankha tosasweka.

"Ndikamupatse Mzime," anatero. "Ankakonda timabatani ali wamng'ono."

Pobwerera tinadabwa kuti pamene tinadutsa pouma tsopano madzi anali m'akakolo. Dzuwa linali likuwalabe, kumwamba kuli mbee. Tinazungulira mwala womaliza.

Bwalo lija kunalibe. Nyanja inali italowa m'tenti ngati mwini wake. Mbaula inali itazima, buledi akuyandama, poto wa nkhuku akuzungulira yekha, mipando ikutuluka umodziumodzi kulowera kwakuya. Chipewa cha tizigoba chinagwa m'manja mwa achimwene. Anathamanga. Munthu amene sindinamuonepo akuthamanga, ngakhale tsiku lomwe shedi inagwira moto.

Analowa m'madzi n'kuyamba kulimbana ndi zikhomo. Koma zikhomo zake za ndani? Zawo zomwe, zokhomedwa ndi dzanja lawo lomwe, mitu ili pansi pa mchenga, mchenga uli pansi pa nyanja. Ankamira, n'kuvuuka akutsokomola, chikhomo osasuntha.

"Dulani zingwe!" ndinakuwa. "Achimwene, dulani!"

Sanadulepo chingwe chiyambireni ntchito. Sanacheuke n'komwe.

Madzi anafika m'chiuno. Alamu anali akulira m'mphepete, akuitana mayina a makolo awo. Ine ndinathamangira kuchitunda kukafuna amuna oti atithandize. Ndinapeza anthu onse a m'timatenti tija atandandalika pamwamba, aliyense foni m'mwamba, ena atakwera pamitengo kuti ajambule bwino. Kuseka kwake ngati kuli sewero. Pakati pawo panali Mzime, manja atapinda pachifuwa.

Mnyamata wina wamtali, wa kabudula wamaluwa, anamugunda ndi chigongono. "Iwe, mdala wopenga uja ndi ndani? Si munabwera galimoto imodzi?"

"Sindikuwadziwa," anatero Mzime.

Ndinali kumbuyo kwake, pafupi moti ndikanatha kumugwira khutu. Anatembenuka n'kundiona. Ndinkafuna kumutukwana, ndinkafuna kulanda foni ya mnyamatayo n'kuiponya m'nyanja, ndinkafuna zambiri. Koma manyazi a achimwene, manyazi a mwanayo, onse anagwera ine.

"Ine ndikuwadziwa," ndinangotero. Ndinatsika ndekha.

Kusambira sindidziwa, iwonso sadziwa. Ndinalowa ndikugwira chingwe cha tenti mpaka ndinawapeza. Anali atasiya zikhomo. Anangoima pakati, atakumbatira paipi yaikulu, madzi ali m'chifuwa, funde lililonse likuwamenya kumaso. Apa ndi pamene munaona pakavidiyo paja. Munkaganiza kuti akugwira tenti kuti isagwe. Ayi. Tentiyo sinkafuna munthu woigwira.

"Achimwene, tiyeni! Mufa ndi chiyani, lona?"

"Mlongo," anatero, mano akugundana, "ndikatulukira pati? Taona anthuwo."

Ndipo ndinazindikira kuti munthuyu akubisala. Bambo wa imvi, amene wakhala akuimika mthunzi pa anthu olira m'tauni yonse, ankaona kuti bola nyanja kusiyana ndi maso aja.

"Mzime ali kuti?" anafunsa. "Waona?"

Ndisanapeze bodza loti ndinene, ndinamva kuphava kumbuyo kwanga. Anali Mzime, diresi itamatirira, chipewa chitapita ndi madzi, akukoka mipando iwiri. Anaisanjikiza pamadzi pomwepo, mmene ankachitira kushedi, anagwira wina ukudutsa n'kuuvundikira pamwamba. Sanayang'ane bambo ake kumaso.

"Ababa, tenti siigwa. Mwaikhoma ndinu," anatero. "Mipando ndi imene ikupita. Nyamulani iyi."

Anawasenzetsa. Ndipo achimwene, amene ine ndinalephera kuwasuntha ndi kukuwa konse kuja, anasiya paipi n'kugwira mipando pamutu, chifukwa munthu wonyamula katundu ali pantchito, sakuthawa. Mzime anatsogola ndi mipando ina, ine pambuyo nditagwira lamba wawo. Tinatuluka chonchi, pamzere, madzi akuchucha.

Njira yopita kugalimoto inali imodzi, yodutsa pakati pa anthu aja. Anapatuka pang'ono, mafoni akadali m'mwamba. Ndipo wa kabudula wamaluwa uja anakuwa kuti onse amve:

"Aaa, iwe! Si unati suwadziwa?"

Achimwene anaima. Mipando inagwedezeka pamutu pawo. Anamva, ndipo Mzime anadziwa kuti amva.

"Ndi ababa anga," anatero Mzime.

Sanakuwe. Ananena akuyang'ana mchenga. Ena anasekabe. Palibe anaomba m'manja, musaganize zimenezo. Koma ananena, ndipo anapitiriza kuyenda patsogolo pawo mpaka pagalimoto. Ine ndinatsalira pang'ono kuti ndimuuze mnyamata uja za kabudula wake, za miyendo yake, ndi za anthu amene anamulera. Zimenezo sindilemba pano.

Woyang'anira uja anabwera dzuwa litapendeka. Anatikalipira pamaso pa anthu ngati ana asukulu, ati anatiuza, ati nyanja yamchere imakwera n'kubwerera yokha tsiku lililonse ngakhale popanda mvula, ati tikanafa akanavutika ndi iyeyo. Achimwene anangoti, "Mwanena zoona, bwana," maso ali pansi. Safunsa anadya phula, ife tinamwa mchere. Agogo aja anatibweretsera tiyi ndi mabulangete, ndipo kukoma mtima kwawoko kunapweteka kuposa kuseka kuja. Tinagona m'pikapu, pamalona otsala.

M'mawa nyanja inali itabwerera kwawo, kutali, ngati sinalakwe kanthu. Bwalo lija linalipo, losalala ngati dzulo. Ndipo pakati pake tenti inali chiimire. Ndere zinali lendelende pazingwe, nkhanu zikuyenda pansi pake, koma panalibe paipi yopendekeka, panalibe chikhomo chosuntha. Ndinkafuna kukadzutsa anthu onse aja kuti adzajambulenso apa. Anali m'tulo.

Tinatsika kukaigwetsa madzi asanabwerenso. Nyundo tinaipeza itakwiririka theka mumchenga. Achimwene anaitola, anaipukuta ndi malaya, anagwada pachikhomo choyamba. Manja awo anali atang'ambika ndi zingwe dzulo lake, ndipo chogwirira chinkawapulumuka. Anayesa, analephera. Mzime anali ataima pambali.

"Uzimenya cham'mbali," anatero achimwene. "Uku ndi uku, mpaka chilefuke."

Anamupatsa nyundo. Alamu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nyanja.

Kavidiyo kanafika kutauni ife tisanafike. Lero pamaliro anthu amanong'onezana akamaona achimwene akuponda ndi chidendene, ndipo wowotcherera mageti uja akawaona amafunsa ngati madzi abwera. Iwo amangopitiriza ntchito yawo. Za ulendowo satchula, ndipo ukangoti nyanja amapeza chingwe choti akulunge. Mphonje zoyera anazibwezera. Mchere unasiya mzere wotuwa pamapaipi onse, wolekeza m'chifuwa mwa munthu, ndipo akana kuupala kapena kuupenta. Sindikudziwa chifukwa chake, ndipo sindifunsa.

Kamodzi kokha, tili awiri m'shedi, anati: "Mlongo, pachitunda paja unalipo. Mwana uja anaterodi?"

"Munamva nokha zimene ananena," ndinatero. "Zomalizazo."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kuwongola chikhomo.

Sukulu itatsegulidwa ndinakwera nawo m'mawa wina, katundu wanga ali kumbuyo pamodzi ndi tenti. Titayandikira pakona ya malo omwetsera mafuta, achimwene anayatsa chizindikiro n'kuyamba kuchepetsa liwiro monga mwa masiku onse. Mzime anali atakumbatira chikwama, akuyang'ana kutsogolo.

"Pitirizani," anatero.

Anakamutsitsa pageti penipeni, ana ali piringupiringu. Wina anakuwa dzina lija. Mzime anatsika msanga, mutu uli pansi, makutu akuoneka kuti akutentha, sanatsanzike n'komwe. Koma anatsikira pageti. Achimwene anakhala atagwira chiwongolero, osanyamuka, mpaka minibasi ya kumbuyo inayamba kuliza hutala. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kumuuza dalaivalayo kuti adikire.